Chidole cha nkhope yoopsa m'belo musachitaye msanga

Wogulitsa zidole za kaunjika akatsegula belo, maso amathamangira kwa Spider-Man, Batman ndi Superman. Amenewa sachedwa pa benchi chifukwa ana amawadziwa. Zotsala zija, za mano pamtunda, zina zobiriwira nkhope, zimathera pa mulu wotchipa, kapena zimapita ngati basera kwa mwana wa kasitomala. Apa ndi pomwe mavenda ena amataya ndalama osadziwa.

Ku America, Britain ndi Japan kuli anthu akuluakulu amene amatolera zidole zimenezi n'kumazisunga m'makabati agalasi. Ambiri ankaseweretsa zidole zomwezo ali ana, ndipo lero, poti ali pantchito, amafuna kukwaniritsa gulu lonse. Chimene chimawasowa kawirikawiri si ngwazi ya m'nthano ayi, koma mdani wake.

Chifukwa chake n'chamalonda. Makampani amadziwa kuti kholo likalowa m'sitolo limanyamula Batman, choncho m'katoni yopita kusitolo amaikamo ngwazi zingapo koma chigawenga chimodzi, mwina ziwiri. Patapita zaka 30 kapena 40, ngwazi zija zimapezekabe paliponse pomwe chigawenga chasowa. Koma si lamulo. Joker, mdani wa Batman, wapangidwa kochuluka kwambiri moti zidole zake zambiri n'zamtengo wamba.

Maina ofunika kuwadziwa ndi ochepa. Joker, wa nkhope yoyera, tsitsi lobiriwira ndi suti yapepo, adayamba kuoneka m'mabuku a nthano zojambula mu 1940, chaka chimodzimodzi ndi Lex Luthor, mdani wa Superman amene amadziwika ndi dazi. Spider-Man ali ndi Green Goblin wa mu 1964 ndi Venom wa mu 1988, wakuda bii wa lilime lalitali uja. Thanos, wa chibwano cha mizeremizere, ndi wa mu 1973.

Dzina palokha silibweretsa ndalama. Chofunika ndi kampani imene idapanga chidolecho komanso nthawi yake, ndipo izi zimadindidwa pa chidole chomwecho: kunsi kwa phazi, kumsana, kuseri kwa ntchafu kapena pakhosi. Zilembo zake n'zazing'ono zedi, koma kamera ya foni imazikulitsa bwinobwino.

Kampani ya Mego inkapanga zake m'zaka za m'ma 1970, zotalika pafupifupi masentimita 20, zovala nsalu zenizeni zotheka kuvula. Green Goblin wa Mego ndi mmodzi mwa amene otolera amawasakasaka. Kenner idatulutsa gulu lotchedwa Super Powers kuyambira 1984 mpaka 1986. Izi n'zazifupi, ndipo chilichonse chili ndi kachitidwe kake: Joker wa gululi ukamufinya miyendo amayasamula kukamwa ngati akuseka. Akakhala kuti akuyasamulabe, ndipo nyundo yake ilipo, mtengo wake sufanana ndi wa mnzake wothyoka. Gulu la Marvel Legends lidayamba ndi Toy Biz mu 2002, kenaka Hasbro idalitenga mu 2007, ndipo ili ndi losavuta kulipezako m'mabelo kusiyana ndi akale aja. Chenjezo n'lakuti chaka chodindidwacho nthawi zina chimangosonyeza pamene chikombole chidapangidwa, pomwe chidolecho adachiumba pambuyo pake.

Pansi pa belo pamatsala tizidutswa: kamkono, kamwendo, kamutu, timfuti. Ambiri amangosesa. Komatu mu 2005 Toy Biz idayamba kuika chiwalo chimodzi cha chidole chachikulu m'paketi iliyonse, kuti wofuna chachikulucho agule gulu lonse n'kulumikiza yekha. Choyamba chidali chigawenga chodya maiko, Galactus. Mpaka lero alipo amene akusowa mwendo umodzi wokha, ndipo amagula mwendowo pawokha. Kathumba kamodzi kosungiramo tizidutswati sikawononga mpamba.

Pa kasamalidwe, dzuwa ndiye mdani wamkulu chifukwa limafwifwitsa utoto. Chidole chimene wogulitsa akuchikayikira kuti n'chakale asachiyale panja tsiku lonse. Madzi ofunda pang'ono, sopo ndi mswachi wofewa n'zokwanira. Parafini, petulo ndi Jik zimadya utoto, ndipo kupentanso pofufutika kumagwetsa mtengo m'malo moukweza. Chikapezeka chidakali m'paketi yake, chisatsegulidwe ngakhale katoniyo itapindika.

Zachinyengo nazo zilipo zambiri. Zimadziwika ndi kupepuka, utoto wotayikira m'mbali, mfundo zogwederagwedera ndi chidindo chosaoneka bwino kapena chosowa. Ana amazikonda ndithu ndipo zili ndi msika wake, bola wogulitsa asazitchule kuti n'zenizeni.

Pofufuza mtengo, ambiri amapusitsika ndi zimene amaona pa eBay. Munthu akhoza kulemba mtengo uliwonse umene akufuna, chidolecho n'kukhala chaka osagulidwa. Wogulitsa azisankha gawo losonyeza zimene zidagulidwa kale, n'kuyerekeza ndi chofanana ndi chake, chopanda paketi kwa chopanda paketi.

Akapeza mtengowo asayambe kuwerengera phindu. Kutumiza chidole chimodzi kunja kukhoza kudya ndalama yonse, ndipo wogula wa ku London sakhulupirira msanga munthu amene sadagulitsepo kanthu pa intaneti. Njira yotheka ndi kusonkhanitsa zisanu kapena khumi zabwino, kuzijambula kutsogolo, kumbuyo ndi pachidindo, n'kuyamba kuzitsatsa pa Facebook ndi WhatsApp kwa okonda mafilimu a Marvel ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Amene ali ndi mbale ku Britain kapena ku Johannesburg akhoza kupatsira munthu wapaulendo kuti mbaleyo akagulitse konko, atagwirizana kaye za kagawidwe ka ndalama.