Paipi ikamalira, mverani chomwe ikunena

Alimi anzanga, chaka chatha m'mwezi wa Seputembala ndinatsala pang'ono kutaya nazale yanga ya fodya kaamba konyozera kulira kwa paipi.

Pakhomo panga, kufupi ndi Kamwendo m'boma la Mchinji, pali thanki ya pansanja imene imatumiza madzi m'nyumba ndi kunazale. Mayi akunyumba akati atseke mpopi, paipi inkamenya khoma kuti gu! Ana ankati m'nyumba mwalowa afiti, ine n'kumangoseka. Usiku wina polumikizira paipi panang'ambika, ndipo kunja kutacha tinapeza thanki ili gwa. Tinatha masiku atatu tikutunga madzi kudambo ndi ndowa kuti mbande zisafe.

Pulambala amene anadzakonza anandiphunzitsa kuti kulira kulikonse kwa paipi kuli ndi gwero lake.

Choyamba ndi kugunda. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Tsono madzi othamanga mukawaimitsa mwadzidzidzi, mphamvu yawo yonse imathera pa paipi, ndipo molumikizira mumafooka tsiku ndi tsiku. Tsekani mpopi pang'onopang'ono. Paipi yogwedera imangirireni kukhoma ndi tizitsulo, mutaikulunga ndi mphira ya chubu cha njinga.

Chachiwiri ndi kutsokomola. Mpopi ukamalavula madzi modukizadukiza, ndiye kuti m'paipi mwalowa mpweya. Izi zimachitika madzi akabweranso atasiya kutuluka, kapena thanki ikaphwa. Tsegulani mipopi yonse, kuyambira wapafupi ndi thanki kapena mita mpaka wakutali, ndipo muitseke madzi akayamba kutuluka bwino. Musamalole kuti thanki iphwe mpaka pansi.

Chachitatu ndi mluzu kapena kunjenjemera mpopi ukatsegulidwa. Kawirikawiri ndi washala imene yatha kapena yamasuka. Tsekani valavu yaikulu, masulani mutu wa mpopi ndi sipanala, ndipo washala yakaleyo muitengere kusitolo kuti mukagule yofanana nayo. Mluzu ukamachokera m'thanki kapena m'kathanki ka chimbudzi, tsukani valavu ya mpira woyandama uja, poti mumakonda kulowa mchenga.

Chachinayi, chomwe ndi choopsa kwambiri, ndi kulira kwapansipansi koti sii pamene mipopi yonse ili yotseka. Apa ndiye kuti madzi akutayika penapake. Amene muli ndi mita, lembani manambala ake pogona ndipo muwaonenso m'mawa musanatunge madzi. Amene muli ndi thanki, lembani mzere ndi khala pamene palekeza madzi. Mukaona kuti zasintha, tsatani njira ya paipi mpaka mupeze chinyontho kapena udzu wobiriwira pamalo pouma. Ngati madzi akutayika asanafike pa mita, musakonze nokha koma kaneneni ku ofesi ya Central Region Water Board.

Phokoso likakusokonezani komwe likuchokera, tengani ndodo youma, mbali imodzi muigunditse pa paipi, inayo pa khutu. Pamene likumveka kwambiri ndi pomwe pali vuto.

Ntchitoyi ichiteni nyengo yofesa nazale isanakwane, chifukwa washala njotchipa kusiyana ndi mbande zimene mungataye. Pomwe zakukanikani itanani odziwa. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.