ZA MADZI OBISIKA MUMPWEYA

Ana inu, kodi munapenyetsetsa mchere wa amayi anu m'nyengo ya dzinja? Ausunga m'chikho, pamalo posadontha, koma m'mawa aupeza wonyowa, ndi timadzi tili pansi pa chikho. Anathiramo madzi ndani? Palibe munthu ayi. Madziwo achokera mumpweya.

Pakuti dzuwa likawomba pa nyanja, pa madambo ndi pa nsalu zoyanika, madzi asanduka nthunzi, nakwera, nasanganizika ndi mpweya. Nthunziyo sitiiona ndi maso, koma ilipo masiku onse: m'malimwe ichepa, m'dzinja ichuluka. Tsono zilipo zinthu zina zimene zikoka nthunziyo ndi kuimwa. Mchere uli chimodzi cha izo. Uyamba kusungunuka pamene mpweya wasenza magawo 75 mwa magawo 100 a nthunzi yonse imene ukhoza kunyamula.

Matabwa, zikopa ndi masamba nazonso zimwa. Chifukwa chake chitseko cha matabwa chitupa m'mwezi wa Januwale, nichikana kutsekeka, koma m'Okutobala chiuma, nichisiya mpata. Ng'oma ikagona pachinyezi chikopa chake chilefuka, ndipo siilira bwino kufikira anyamata ataiwamba pamoto. Mlimi wa fodya adziwa kuti tsamba louma lifumbutuka akaligwira masana. Motero alawira m'mamawa, pamene lafewa ndi chinyezi cha usiku.

Koma chachikulu chili m'nkhokwe. Chimanga ndi mtedza zimwa chinyezi monga mchere, ndipo zikanyowa zimera chuku. Chuku china chili ndi ululu wowononga chiwindi cha munthu, ndipo ululuwo sutha ngakhale pophika. Banja lolima bwino likhoza kugona ndi njala chifukwa cha kusunga koipa. Chimanga choyenera kusungidwa chikhale ndi madzi osapitirira magawo 13 mwa 100. Nkhokwe ikhale pamwamba, yofolera bwino, ndi matumba asakhudze pansi kapena khoma.

Taonani tsono, mchere womwewo ukhoza kutithandiza. Tengani botolo louma, muikemo njere za chimanga ndi mchere wouma pang'ono. Mutseke kolimba, mukhutchumule, ndi kulindira kanthawi, mukatero mukhutchumulenso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, ndiye kuti wamwa madzi otuluka m'njerezo, ndipo chimangacho chiyanikidwenso padzuwa. Ukapanda kumatirira, chauma. Kaonetseni atate anu chimenechi pa nthawi yokolola.

MAFUNSO

1. Kodi madzi onyowetsa mchere achokera kuti?
2. Anyamata awamba ng'oma pamoto chifukwa ninji?
3. Tchulani zinthu zitatu za m'nyumba mwanu zimene zimwa chinyezi.
4. Fotokozani njira yoyesera chimanga ndi mchere.