PHUNZIRO LA SABATA INO: Kodi mbewu ya munthu ndi malonda?

Werengani: Genesis 16 ndi 21

Kuno ku Tamanda tonse tinamvapo za fisi, mwamuna wolowetsedwa m'nyumba mwakabisira kuti banja losabereka lipeze mwana. Lero nkhaniyi yafika m'zipatala. Ku America atsikana amagulitsa mazira awo, anyamata umuna, pa madola. Ku South Africa lamulo la 2003 limaletsa malondawa.

Kumbukirani Hagara. Atabereka anapirikitsidwa, Ismayeli n'kukulira m'chipululu, kutali ndi atate ake. Wovutika ndani? Mayi wosauka ndi mwana.

Wachinyamata iwe, umphawi usakugulitsitse thupi lako. Inu amene mukudikira mwana, kupita kuchipatala si tchimo ayi. Pitani awiriwiri, mukambiranenso ndi abusa. Enafe tileke kuwanyoza.

Ambuye, tonthozani mabanja odikira. Ameni.