Kanema akudumphadumpha, mawu akutsogola milomo: nditchere pati mu CasparCG?

FUNSO

Akonzi, ndine bambo wogwira ntchito ya makina pa wailesi ya kanema yaing'ono. Chaka chino mabwana anatigulira kompyuta yamphamvu ndi kadi ya DeckLink, ndipo tinaikamo CasparCG kuti tiziulutsira nkhani, malonda ndi mayina a alendo amene timalemba m'munsi mwa chithunzi. Koma mtendere tilibe. Kanema amene atolankhani amatumiza kuchokera m'maboma amadumphadumpha kamera ikangoyenda, mawu amatsogola milomo, ndipo zilembo za mayina zimatuluka ndi kamzere kakuda m'mbali. Mawuwo timawatenga pa dzenje la mahedifoni la kompyuta n'kuwalowetsa mu mixer ya mawu. Mnzanga wina anandiuza kuti ndikweze buffer-depth ifike pa 10, ndiponso ndisinthe video-mode ikhale 1080p6000 poti 60 ndi yosalala kuposa 50. Ndinachita zonsezo koma zinthu zangoipiraipira. Kodi ndi setting iti imene ndikuiphonya?

Wowerenga wa ku Mzuzu

YANKHO

Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu. Musanawerenge zambiri, pitani mukabwezeretse ziwiri zimene munasintha zija. Mnzanuyo anafuna kukuthandizani, koma anakusokeretsani pa zonse ziwiri. Palibe setting imodzi yobisika imene mukuiphonya. Mavuto anu ndi atatu osiyana, ndipo lalikulu silili mu CasparCG n'komwe, lili m'mafayilo amene mukuipatsa.

CasparCG inapangidwa ndi SVT, wailesi ya kanema ya dziko la Sweden, ndipo mu 2010 anaitsegulira aliyense kuti aigwiritse ntchito mwaulere. Anaipangira akatswiri, choncho sikugwirani dzanja. Zonse zofunika zimalembedwa m'fayilo imodzi, casparcg.config, ndipo seva imawerenga fayiloyo pokhapokha ikamayamba. Mukasintha kanthu muyenera kuizimitsa n'kuiyatsanso, ndipo mukaiwala kutseka chizindikiro chimodzi chokha cha XML ikhoza kukana kuyaka. Kopani fayilo imene ikugwira ntchito, muilembe tsiku, muisunge pambali. Mukatero muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Inu munasintha ziwiri limodzi, ndiye lero simungathe kunena chimene chawononga kwambiri.

Tiyambe ndi 60 ija. Kanema ndi zithunzi zotsatizana, mafulemu, ndipo kuchuluka kwake pa sekondi sikusankhidwa potengera kukongola. Magetsi a kuno ndi a 50 Hz, ndipo wailesi za kanema za kuno zinakulira pa dongosolo la PAL, la mafulemu 25 pa sekondi. Ku America magetsi ndi a 60 Hz, choncho iwo anakhazikika pa 30, kenaka pa 29.97 atayamba kuulutsa zamitundu mu 1953. Makamera anu a mu situdiyo, mixer ya zithunzi ndi makina a amene amanyamula siginolo yanu kupita nayo kwa owonera, mosakayika zonse zili m'banja la 50. Mukaika 1080p6000 pakati pa zimenezi, fulemu iliyonse iyenera kusinthidwa kawiri, polowa mu CasparCG ndi potuluka, ndipo kusintha kulikonse kumasiya chipsera. Funsani onyamula siginolowo kuti amalandira chiyani, makamaka akulembereni. Akati 1080i50, mu video-mode lembani 1080i5000. Akati 720p50, lembani 720p5000. Akati akadali pa SD, lembani PAL, ndipo mugwirizane ngati chithunzi ndi cha 16:9 kapena 4:3, chifukwa zonse ziwiri zimakhala 720 kwa 576 ndipo kusamvana apa ndi kumene kumatalikitsa nkhope za owerenga nkhani. Nambala imeneyi ikakhala lamulo la nyumba yonse, zina zonse zimatsatira.

Tsopano kanema wa atolankhani. Ndikhulupirira amajambula ndi mafoni, ndipo mafoni ambiri amabwera atatcheredwa pa 30. Mafulemu 30 sangakwane m'malo 25 popanda kutaya ena kapena kuwasakaniza. Mukataya, ndiye kuti fulemu imodzi mwa zisanu ndi imodzi zilizonse yapita. Munthu akakhala phee n'kumalankhula simuona kanthu, koma kamera ikatsatira galimoto kapena gule wovina, diso limagwira kudumphako kasanu pa sekondi. Palinso china choposa apa. Mafoni sasunga liwiro limodzi: kukachita mdima kapena foni ikatentha, amachepetsa mafulemu okha popanda kufunsa. Tsegulani fayilo yotere mu MediaInfo, pulogalamu yaulere, muyang'ane mzere wa Frame rate mode. Mukapeza Variable, mwagwira wolakwa. Fayilo yotero imasewera bwino pa foni ndi pa laputopu chifukwa zimenezi zimadikira fulemu iliyonse, koma kadi ya SDI sidikira munthu. Imafuna fulemu yatsopano pa mamilisekondi 40 alionse. Chimanga chikabwera chonyowa kuchigayo, kusintha sefa sikuthandiza.

Mankhwala ake ali pawiri. Kumudzi, atolankhani atchere mafoni awo pa 25. Pa iPhone muli batani la Show PAL Formats m'ma setting a kamera, ndipo pa mafoni ena a Android mapulogalamu ngati Blackmagic Camera amalola kusankha 25. Phindu lina ndi lakuti magetsi a machubu m'maholo amisonkhano amasiya kuthwanimathwanima pa chithunzi, popeza 25 imagwirizana ndi 50 Hz. Potumiza pa WhatsApp azitumiza ngati document, apo ayi WhatsApp imafinya kanemayo n'kumuchepetsa. Ku siteshoni, fayilo iliyonse yochokera kunja isalowe mu foda ya media isanasinthidwe kukhala ya mtundu wa nyumba: 1920 kwa 1080, mafulemu 25 osasinthasintha, mawu pa 48 kHz. Pulogalamu ya FFmpeg imachita zimenezi, ndipo wina wodziwa akhoza kukulemberani kalamulo kamodzi kosintha chilichonse chogwera mu foda yolandirira. Mawailesi ambiri amasankha XDCAM HD422 ya 50 Mbit/s, imene imadya pafupifupi 22 GB pa ola. ProRes 422 ndi yopepuka kwa kompyuta poisewera koma imadya cha m'ma 55 GB pa ola. Kwa wailesi yaing'ono ine ndingasankhe XDCAM, ProRes 4444 n'kuisungira zojambula zoonekera kuseri. Kusintha 30 kukhala 25 sikudzakhala kosalala ngati kujambula pa 25 kuyambira pachiyambi, koma kuchitire mu chipinda chokonzera, pamene mungathe kuonera kaye, osati pa mphepo.

Ngati muli ndi nkhokwe ya matepi akale, chenjerani ndi chinthu chinanso. Mu 1080i50 fulemu iliyonse imagawidwa m'ma field awiri, ndipo ya m'mwamba ndi imene imayamba. Matepi a DV a PAL amayamba ndi ya m'munsi. Zikasemphana, chilichonse choyenda chimanjenjemera ngati chikupita kutsogolo n'kubwerera. Pa sikirini ya kompyuta simungazione bwino, n'chifukwa chake pafunika TV kapena monitor yolumikizidwa ku zimene zikutuluka pa kadi, osati kudalira kawindo ka screen consumer.

Za mawu mwayankha nokha m'kalata yanu. Dzenje la mahedifoni lili ndi wotchi yakeyake ndi njira yakeyake kudzera mu Windows, pomwe chithunzi chikutuluka pa DeckLink, kulowa mu mixer ya zithunzi, mwina kudutsanso mu kabokosi kosintha SDI kukhala HDMI. Paliponse pamenepo chithunzi chimachedwa pang'ono, kawirikawiri fulemu imodzi, pomwe mawu a pa chingwe wamba amafika nthawi yomweyo. Anthufe tinazolowera kuona kaye n'kumva pambuyo, choncho mawu otsogola amakwiyitsa msanga kuposa ochedwa. N'chifukwa chake bungwe la mawailesi a ku Ulaya, EBU, m'malangizo ake a R37 limalola mawu kutsogola ndi mamilisekondi 40 okha koma kuchedwa mpaka 60. Pa 25, makumi anayiwo ndi fulemu imodzi basi.

Chotsani system-audio pa channel imene ikupita pa mphepo, ndipo pansi pa decklink lembani true pa embedded-audio. Mawu adzayenda m'chingwe chimodzi cha SDI ndi chithunzi chake. Ngati mixer yanu ya zithunzi imalandira mawu a mu SDI, nkhani yatha. Ngati muyenera kudutsa mu mixer ya mawu, gulani de-embedder yowatulutsa mu SDI, ndipo muike delay pa mawu onse otuluka yofanana ndi kuchedwa kwa chithunzi. Poyesa, jambulani munthu akuwomba m'manja kamodzi, muulutse, mujambule zotuluka kumapeto kwenikweni kwa makina onse, kenaka muwerenge mafulemu apakati pa kukumana kwa manja ndi phokoso. Fulemu iliyonse ndi mamilisekondi 40. Khutu la munthu amene wakhala mu situdiyo tsiku lonse limanama, musalidalire.

Nanga buffer-depth ndi ya chiyani? Ndi mafulemu amene seva imakonzeratu n'kuika pa mzere kuti kadi isasowe chotulutsa kompyuta ikapunthwa kwakanthawi. Imabwera ili pa 3. Siikonza fayilo yoipa, ndipo siigwirizanitsa mawu odutsa njira ina. Chimene imachita motsimikizika ndi kuchedwetsa zotuluka: kuchoka pa 3 kufika pa 10 pa mafulemu 25 ndi mamilisekondi 280, kotero wodina batani akadina, dzina la mlendo limatuluka mlendoyo atayamba kale kulankhula. Muikweze pokhapokha pali umboni. Tumizani lamulo la DIAG, seva itsegula windo la mizere yoonetsa nthawi imene fulemu iliyonse ikutenga, ndipo muwerengenso zolembedwa mu foda ya log. Mukaona mafulemu akuchedwa apo ndi apo, yesani 4, mwina 5. Akamachedwa nthawi zonse, vuto ndi disiki, kadi ya zithunzi kapena template ya HTML yolemera, ndipo ngakhale 20 sidzakupulumutsani.

Kamzere kakuda ka m'mbali mwa zilembo n'kosavuta. Zojambula zimatuluka pa zingwe ziwiri, fill yonyamula mitundu ndi key youza mixer pamene payenera kuoneka. CasparCG imatulutsa fill imene m'mbali mwake mwadetsedwa kale molingana ndi key. Mixer ikapanda kudziwa zimenezi imadetsanso kachiwiri, n'kubwera kamzere kaja. Pa mixer ya ATEM yatsani Pre Multiplied Key pa keyer imeneyo, ndipo pa mixer za makampani ena mupeza chofanana nacho, nthawi zina cholembedwa shaped. Mu config, keyer ikhale external ngati mixer ndi imene ikusanjika zilembo. Internal ndi ya pamene chithunzi cha situdiyo chikudutsa mu kadi momwemo. Ngati mixer ndi kadi zili ndi dzenje la reference, zipatseni black burst kapena tri-level sync kuchokera ku gwero limodzi, kuti fill ndi key zisamasiyane ndipo mixer isamawonjezere kuchedwa.

Pokhala kuti tili pa zilembo, yesani font ya template yanu ndi ŵ. Ma font ambiri okongola alibe chilembo chimenechi, ndipo mumazindikira tsiku limene dzina la mfumu latuluka ndi chilembo chachilendo pakati, kapena kabokosi. Zilembozo zisayandikirenso m'mphepete kuposa 5 peresenti ya chithunzi mbali iliyonse, monga EBU imalangizira mu R95.

Simunafunse za kukwera kwa mawu, koma owonera anu adzadandaula posachedwa. Malonda amabwera akufuula, nkhani za m'maboma zikunong'ona. Malangizo a EBU R128, amene anatuluka mu 2010, amaika pulogalamu iliyonse pa -23 LUFS, ndipo nsonga isapitirire -1 dBTP. Zinthu zokonzedwera YouTube zimakhala cha pa -14, kutanthauza kuti zimakwera kwambiri kuposa nkhani zanu. FFmpeg ili ndi loudnorm, choncho kalamulo komwe kaja kosintha mafulemu kakhoza kulinganizanso mawu, ndipo wa pa mixer aleke kuthamangitsana ndi fader malonda akayamba.

Kompyutayo muione ngati ya ntchito imodzi. Power plan ikhale pa High performance, kugona tulo ndi screensaver zizimitsidwe, ndipo Windows Update ichitike pa tsiku limene mwasankha inu, osati pakati pa nkhani za madzulo. Antivirus isamafufuze foda ya media pamene mukuulutsa. Mafayilo akhale pa SSD yawoyawo, osaseweredwa kuchokera pa flash. CasparCG imalandira malamulo pa port 5250 popanda kufunsa password, ndiye aliyense wa pa netiweki yomweyo amene akudziwa lamulo la CLEAR akhoza kudetsa chithunzi chanu. Ilekanitseni ndi netiweki ya atolankhani ndi Wi-Fi ya alendo. Ndipo pa UPS musaikepo kompyuta yokha. Mixer, gwero la reference ndi timabokosi tonse ta pakati zikhale pomwepo, chifukwa magetsi akazima jenereta isanadzuke, kabokosi kamodzi kozima kamadula siginolo yonse ngakhale seva ikuyenda.

Mukakonza izi kanema n'kumadumphabe, ndilembereninso, ndipo muphatikize zinthu zitatu: casparcg.config yanu yonse, zimene MediaInfo yalemba za fayilo imodzi yovutayo, ndi log ya ola limene vutolo linachitika. Munenenso CasparCG yanu ndi ya nambala yanji, chifukwa ma setting ena a 2.0 sapezekanso mu 2.3.