Moto wa ku Windscale

Dayamondi ndi mtima wakuda wa pensulo ndi pachibale. Zonsezi ndi kaboni, kungoti maatomu ake anayalana mosiyana. Mu dayamondi atomu iliyonse imagwirana zolimba ndi anzake anayi, n'chifukwa chake mwalawu umadula galasi koma sudutsa magetsi. Mu girafaiti, uja wa m'pensulo, atomu imagwirana ndi atatu, ndipo onse amapanga timapepala topyapyala tosanjikizana. Mukamalemba, timapepalato timatsetsereka n'kutsalira pakope. Girafaiti amadutsa magetsi ndipo amapirira kutentha koopsa. Akatswiri a ku Britain anamudalira mopitirira muyezo.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, dziko la Britain linali pa liwiro lofuna bomba lakelake la nyukiliya. Linamanga ng'anjo ziwiri za nyukiliya pa Windscale, kumpoto chakumadzulo kwa England, ndipo yoyamba inayamba kugwira ntchito mu 1950. Ng'anjo iliyonse inali phiri la njerwa za girafaiti, matani pafupifupi 2,000, zobooledwa mauna olowetsamo yureniyamu. Poziziritsa ankapemerera mphepo, imene inkatulukira m'machumuni aatali mamita oposa 100.

Ntchito yomanga ili mkati, wasayansi John Cockcroft anaumirira kuti pamwamba pa machumuniwo aikepo masefa. Anzake ambiri anaona ngati n'kutaya ndalama ndi nthawi, mpaka masefawo anawatcha uchitsiru wa Cockcroft. Iye sanabwerere m'mbuyo, ndipo masefa anaikidwa.

Girafaiti anali ndi khalidwe lina lobisika, limene wasayansi Eugene Wigner anali atalifotokoza kale. Tizidutswa totchedwa neutron tikamamuwomba, maatomu ena amasuntha pamalo pake n'kukakamira pakati pa timapepala tija. Pamenepo pamasungika mphamvu imene ingatuluke mwadzidzidzi ngati kutentha. Mankhwala ake anali kutenthetsa dala ng'anjo yonse pang'onopang'ono kuti maatomu abwerere m'malo mwake, ngakhale ng'anjoyo sinamangidwire zimenezo.

Pa 7 Okutobala 1957 anayamba ntchito yotereyi pa ng'anjo yoyamba. Ataona ngati kutentha kukuzilala msanga, anatenthetsanso kachiwiri. Zipangizo zoyezera kutentha zinali m'malo oyenera ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndiye sizinaonetse kumene kunkatentha kwenikweni. Pofika pa 10 Okutobala, anthu atatsegula una wina n'kusuzumira, anaona yureniyamu ali psuu. Anawonjezera mphepo poganiza kuti aziziritse, koma anangokolezera moto.

Tom Tuohy, wachiwiri kwa mkulu wa pamalopo, anakwera pamwamba pa ng'anjo maulendo angapo kukayang'ana malawi ndi maso ake. M'mawa wa pa 11 Okutobala anathira madzi, akudziwa bwino kuti zikhoza kuphulika. Kenako analamula kuti mphepo yonse itsekedwe, ndipo moto unazima.

Poizoni wina, makamaka iodine-131, anatuluka n'kugwera pa msipu. Mkaka wa m'mafamu a dera lalikulu masikweya kilomita pafupifupi 500 unatayidwa kwa milungu ingapo. Koma fumbi lochuluka la poizoni linakodwa m'masefa aja ankasekedwa aja. Mawu a akulu akoma akagonera. Boma la Harold Macmillan linabisa lipoti lathunthu la ngoziyi, ndipo anthu analiona mu 1988. Ng'anjo ziwiri zonsezo sizinagwirenso ntchito.

Anthu a pa Windscale sanali mbuli. Chinawapweteka ndi phuma, komanso kuzolowera chinthu chimene sanachidziwe mpaka pansi. Inu amene mumagwira ntchito ndi makina, mankhwala, magetsi kapena moto, musamati popeza dzulo zinayenda bwino ndiye kuti lero ziyendanso. Funsani kuti chinthucho chasintha bwanji pa zaka zimene mwachigwiritsa ntchito. Ndipo pakakhala mnzanu woumirira kuti muike chotetezera, ngakhale chikhale chodula kapena chochedwetsa ntchito, mumvereni ngozi isanagwe.