Za Kuwerenga Zowawa za Kubala, ndi Ntchito ya Mwamuna pa Tsikulo

Phunziro la mwezi uno lili kwa inu amuna okwatira, koma amai ndi anamkungwi amvenso, pakuti mlandu wake ngwao. Tidziwa kuti mwa makolo athu mau a m'chikuta sanenedwa pabwalo, ndipo mwamuna wofunsa za kubala ayesedwa wopanda mwambo. Ife sitifuna kupasula ulemu umenewo. Koma ilipo ntchito imodzi imene mwamuna akhoza kuigwira ali pakhonde, osaona kanthu kosayenera iye, ndiyo kuwerenga nthawi ya zowawa za mkazi wake. Ndipo mwa kuwerengako adzazindikira ora loyenera kunyamuka kunka kuchipatala.

Tiyambe ndi kufunsa, kodi zowawazo nchiyani? Chiberekero ndicho thumba la mnofu wamphamvu, ndipo khomo lake likhala lotseka miyezi yonse ya pakati. Litafika tsiku, mnofuwo uyamba kukunga, nuleka, nukunganso, monga munthu wotulutsa dzungu m'thumba la pakamwa pochepa akoka, napuma, nakokanso. Pa kukunga kulikonse khomo litseguka pang'ono, kufikira litakwana masentimita 10, ndiko pafupifupi kupingasa kwa chikhato cha munthu wamkulu. Pamenepo mpamene mwana akhoza kudutsa. Woika dzanja pamimba pa mkaziyo amva mimba ikuuma ngati mphumi, ndipo bwino lake ifewanso.

Musapeputse kupuma kumene kuli pakati pa zowawa. Pamene mimba yakunga, mitsempha yotengera mwazi kunsengwa ifinyika, ndipo mwana alandira mpweya wochepa. Ikafewa, mwazi uyendanso, mwana natsitsimuka. Chifukwa chake zowawa zodza mothithikana, zosapatsa mpata, sizili zabwino, ngakhale ena akondwera nazo ndi kuti, Achira msanga. Mau awa muwasunge, pakuti tidzabwererako.

Zilipo zowawa zonama, zimene zidza m'masabata otsiriza. Izo zilibe dongosolo: china chidza tsopano, china patapita theka la ora, ndipo mkazi akayenda pang'ono, kapena kugona chammbali, kapena kumwa madzi, zileka. Zowawa zenizeni sizileka. Kawirikawiri ziyambira kumsana ndi kuzungulira kutsogolo. Zinka zikulirakulira, zitalikiratalikira, ndi kuyandikirana. Diso lokha silingathe kusiyanitsa ziwirizi msanga, koma pepala ndi pensulo zikhoza.

Tsono kuwerenga kwake nkotere. Muyesa zinthu ziwiri. Choyamba ndicho kutalika kwa chowawa chimodzi, kuyambira pamene mimba yayamba kuuma kufikira pamene yafewa. Chachiwiri ndiwo mpata, ndipo pano ambiri asokera, pakuti ayamba kuwerenga pamene chowawa chatha. Iai, mpata uyesedwa kuyambira pa chiyambi cha chowawa china kufikira pa chiyambi cha chinzake. Tiyese kuti choyamba chayamba pa 9:00 usiku, chachiwiri pa 9:15, chachitatu pa 9:28, chachinai pa 9:40. Mipata yake ndiyo mphindi 15, ndi 13, ndi 12. Mwana wa sukulu yemwe aona kuti ikucheperachepera. Awo ndi matenda enieni, ngakhale akali kuchiyambi. Koma mukalemba 15, ndi 40, ndi 8, ndi 30, ndipo ululu sukula, mwina nthawi siinafike.

Nanga mwamuna wokhala kunja adziwa bwanji? Mupangane ndi mai amene ali m'katimo, kaya apongozi anu kaya mlamu wanu, kuti agogode chitseko kamodzi pakuyamba chowawa, ndi kawiri pakutha. Inu muyang'ane wotchi, kapena foni, ndi kulemba. Masiku ano foni ipezeka m'mudzi uliwonse. Chosowa ndicho moto wake, chifukwa chake m'mwezi wotsiriza musailole kugona yozima. Wopanda wotchi awerenge pakamwa mosafulumira kufikira 60, ndiyo mphindi imodzi, naponye njere ya chimanga m'mbale pa mphindi iliyonse. Njere zidzamuuza mpata. Sikufunika kulemba usiku wonse. Lembani zowawa 5 kapena 6 zotsatana, mupume, nimuyambenso mukaona kuti zasintha.

M'maiko amene chipatala chili pafupi ndipo galimoto ili pakhomo, aphunzitsa lamulo lakuti, zowawa zikamadza pa mphindi 5 zilizonse, chilichonse chikukhala mphindi imodzi, ndipo zatero kwa ora lathunthu, nyamukani. Lamulo ili ndi labwino kwa eni ake. Koma taonani, abale, silinapangidwira munthu wokhala tsidya la mtsinje wopanda mlatho, amene ulendo wake ndi wa maora atatu pa ngolo. Woyembekeza mphindi 5 ali kutali chotero adzabereketsa mkazi wake pathengo. Kwa ife a kumidzi lamulo likhale ili: mukaona papepala kuti zowawa zalowa m'dongosolo ndipo mipata ikuchepa, ngakhale ikali ya mphindi 15 kapena 20, yambani ulendo. Anamwino akakuuzani kuti mwafulumira, palibe chimene mwataya koma tulo.

Mukumbukirenso kuti mimba sizilingana. Mimba yoyamba ichedwa; ntchembere ya ana anai kapena asanu ikhoza kuchira mwadzidzidzi, madzi a pamoto asanawire. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, la WHO, linalongosola m'chaka cha 2018 kuti, kuyambira pamene khomo latseguka masentimita 5 kufikira litatseguka lonse, mimba yoyamba kawirikawiri siipitirira maora 12, ndipo mimba zotsatira sizipitirira maora 10. Kunyumba palibe woyesa khomolo. Koma mkazi akamva zowawa zamphamvu kuyambira kutuluka kwa dzuwa kufikira kulowa kwake mwana osabadwa, dziwani kuti chilipo chotchinga, ndipo simuyenera kulindira mbandakucha. Amene akhala kutali ndithu, makamaka m'nyengo ya dzinja, achita bwino kuperekeza mkazi kuchidikiro mwezi wotsiriza, akalindire pafupi ndi anamwino. Nyumba zotere zinachuluka kuyambira 2012, pamene Pulezidenti Joyce Banda anautsa ntchito ya uchembere wabwino pamodzi ndi mafumu.

M'chaka cha 1994 ophunzira awiri, Thaddeus ndi Maine, analongosola kuti imfa za uchembere zidzera m'kuchedwa kutatu: kuchedwa kutsimikiza mtima kuti tipite, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira thandizo utafika. Kwachitatuko kuli m'manja mwa a chipatala ndi Boma. Koyamba ndi kwachiwiri kuli m'manja mwathu. Ndipo ine ndiona kuti koyambako ndiko kotipweteka koposa, makamaka kumene mwamuna ali mkamwini. Matenda ayamba pakati pa usiku. Mkamwini aopa kulamula pamudzi pa eni ake. Atuma mnyamata kukadzutsa mwini mbumba, amene akhala mudzi wina. Iyeyo nafika dzuwa lili pamutu. Akulu anati, Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mau awa muwathe mimba ikali ya miyezi 7. Mukhale pansi ndi atsibweni ake a mkazi ndi apongozi anu, nimupangane kuti tsikulo palibe kutuma mthenga, koma amene ali pafupi anyamuke naye. Mupangane ndi mwini ngolo kapena wa njinga yamoto, nimudziwe nyumba imene agona. Ndalama ya ulendo ikhale payokha, yosakhudzidwa ngakhale pa maliro. Mtolo ukhale womangamanga: zitenje zochapa, beseni, pepala la pulasitiki loyala, tochi, ufa ndi kampoto ka womdikira, ndi buku la kusikelo pamwamba pa zonse.

Zilipo zizindikiro zina zimene zithetsa kuwerenga konse. Mukaziona, ikani pepala m'thumba ndi kunyamuka pomwepo, ngakhale zowawa zikali patalipatali kapena sizinayambe. Mwazi ukatuluka woposa timadontho tosakanizika ndi chinanda, nsupa ikasweka, ndipo makamaka madzi ake akakhala obiriwira kapena onunkha, mutu ukawawa kwambiri ndi maso kuchita chidima, mkazi akagwa ngati wa khunyu, thupi likatentha, mwana akaleka kugunda m'mimba, mchombo kapena dzanja likatsogola, matenda akayamba masabata 37 asanakwane. Nsupa ikasweka mulembe ora lake, pakuti adzakufunsani. Ndipo mkazi amene anachitidwa opaleshoni pa mimba yapita asayese konse kuchirira kunyumba, chifukwa chipsera cha chiberekero chikhoza kung'ambika.

Tsopano ndinene za miyambo iwiri imene ilanda maora a mtengo wapatali. Woyamba ndi uwu: mwana akachedwa kubadwa, akulu ena ati, Alipo wayenda moipa, mwamuna kapena mkazi, aulule, ndipo njira idzatseguka. Pomwepo amzinga mkazi wosauka mtima, ali pakati pa moyo ndi imfa, namuumiriza kutchula maina. Chigololo ndi tchimo, ndipo mpingo uli nayo nthawi yake yochiweruza. Koma sichitsekereza mwana. Zotsekereza mwana nzina: mutu waukulu pa mafupa a m'chuuno opapatiza, monga achitira atsikana okwatiwa akali ana, kapena mwana wogona chopingasa, kapena chiberekero cholema. Ngakhale onse a m'mudzi aulule zolakwa zao, fupa silifutukuka. Ndipo mutu wa mwana ukapanikiza malo amodzi masiku awiri, mnofu wa pamenepo ufa, nuboka, mkazi natsala ndi nthenda ija yotuluka mkodzo kosaleka, imene aitcha fistula. Mwananso kawirikawiri abadwa wakufa. Ku Bwaila, ku Lilongwe, kuli chipatala chosoka akazi otere, ndipo ambiri achira. Koma mukadawafunsa, akadakonda ulendo wa maora atatu usiku uja. Mwamuna iwe, ukamva kuti m'nyumba ayamba mafunso otere, imeneyo ndiyo nthawi yako yolankhula. Unene mwaulemu kuti, Ngati pali mlandu ndidzauyankha pobwera, koma tsopano ngolo yafika.

Wachiwiri ndiwo mankhwala a zitsamba ofulumiza matenda, amene ambiri awatcha mwanamphepo. Sitikana kuti ali ndi mphamvu. Mphamvu yakeyo ndiyo yoopsa. Palibe adziwa muyeso wake. Akungitsa mimba kosapuma khomo lisanatseguke, ndipo mwakumbukira zija tanena, kuti mwana atsitsimuka pa mpata wa pakati. Mpata ukachoka, mwana abanika, ndipo chiberekero chikhoza kuphulika. Anamwino ayesa zowawa zoposa 5 pa mphindi 10 kuti zapyola muyeso. Ngati mkazi wamwa kale, musabise pofika. Kunena zoona kudzathandiza iwo kudziwa chochita.

Za azamba a m'midzi tinene mwachidule. Boma linawaletsa kubereketsa m'chaka cha 2007, ndipo m'chaka cha 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anachotsa chiletsocho. Ambiri a iwo ndi amai anzeru ndi achifundo, koma m'nyumba zao mulibe mwazi woonjezera kapena chipinda cha opaleshoni. Mzamba wabwino akwere nanu pa ngolo.

Mutafika, perekani buku la kusikelo pamodzi ndi pepala lanu. Namwino adzaika dzanja pamimba ndi kuwerenga zowawa za pa mphindi 10, namvera mtima wa mwana, umene uyenera kugunda pakati pa 110 ndi 160 pa mphindi imodzi. Koma za maora a kunyumba adzazidziwa mwa inu nokha. Bungwe la WHO lija lilangiza kuti mkazi aliyense akhale naye munthu womsankha yekha pa nthawi yonse ya kubala. M'zipatala zambiri za kuno akazi achirira m'chipinda chimodzi, ndipo mwamuna sangalowe popanda kuchititsa manyazi akazi a eni. Zina zili ndi makatani, ndipo zilola. Funsani pa masiku a sikelo, ndipo koposa mufunse mkazi wanu, pakuti ena afuna mai wao, osati mwamuna, ndipo pamenepo palibe chipongwe. Mukaloledwa, ntchito yanu njochepa: kumsisita kumsana ndi chikhato molimbika pamene chowawa chafika, kumpatsa madzi kapena phala, kumgwira mkono poyendayenda, kumkumbutsa kupuma mofatsa. Musamkalipire akalira, ndipo musamuuze kukankha namwino asananene. Mukatsala kunja, musapite kumsika kapena kumowa. Khalani pamene angakupezeni poitana kamodzi, pakuti mwina adzafuna wopereka mwazi, kapena wovomereza kuti amtumize kuchipatala chachikulu.

Mwana akalira, ntchito ya wotchi siinathe. Ayamwe m'ora loyamba, ndipo mkaka woyamba wachikasu uja usatayidwe, pakuti ndiwo umtchinjiriza ku matenda. Kutaya mwazi atabereka ndiko kupha amai ambiri koposa, ndipo kudza makamaka tsiku loyamba. Chifukwa chake musaumirize kubwerera kumudzi maora 24 asanakwane, ngakhale kumunda kuli ntchito. Mukafika kunyumba, uzani apongozi kuti akaona nsalu zikunyowa msangamsanga ndi mwazi, kapena mai akachita chizungulire, kapena thupi likatentha, agogodenso chitseko, ndipo mwini ngolo adziwe kuti sabata limenelo mungamdzutsenso usiku.