Kuumba chitsulo pa kompyuta chisanalowe m'fakitale: mafunso ndi mayankho

Kodi mainjiniya amayeseranji pa kompyuta zinthu zimene angathe kungoyesa m'fakitale?

Kuyesa m'fakitale n'kodula, ndipo zambiri zimachitika pamene diso silingafike. Pofuna kupanga chipangizo cha injini ya galimoto, aluminiyamu amasungunulidwa, ndipo iye amasungunuka pa madigiri 660. Kenako makina amamukankhira mwamphamvu m'chikombole chachitsulo, chomwe chimadzaza sekondi imodzi isanakwane. Mpweya ukatsekeredwa m'katimo, chipangizocho chimatuluka ndi timabowo tobisika, n'kudzathyoka chili kale pamsewu. Palibe amene angasuzumire m'chikombole chotseka, ndipo kusula china kumadya ndalama ndi nthawi. Kompyuta imaonetsa pamene mpweya ungatsekeredwe chikombolecho chisanasulidwe.

Nanga njira yowerengera pa kompyuta imene inalipo kale inalakwa chiyani?

Siinalakwe. Imatchedwa finite element method, dzina limene Ray Clough anaipatsa mu 1960, ndipo inakulira pa ntchito yowerengera mphamvu za mapiko a ndege ku kampani ya Boeing m'zaka za m'ma 1950. Chinthucho chimagawidwa m'timagawo tating'ono tolumikizana ngati ukonde, ndipo kompyuta imawerengera mmene kagawo kalikonse kakupanikizikira. Pa mlatho, pa phiko la ndege, pa khoma la damu, njirayi ndi yodalirika mpaka lero. Vuto limabuka chinthu chikayamba kung'ambika, kumwazika kapena kuyenderera. Mpeni wa makina ukamasenda chitsulo, timagawo ta pamlomo pa mpeniwo timapotoka mpaka ena kugudubuzika, ndipo masamu amaima. Mainjiniya amalukanso ukonde watsopano, koma nthawi iliyonse imene asamutsa manambala kuchoka pa wakale kupita pa watsopano, kulondola kumachepa.

Ndiye njira zopanda ukonde zimagwira bwanji?

Zimadula zingwe zolumikiza zija. Chitsulo chimaimiridwa ndi timadontho tambirimbiri, ndipo kadontho kalikonse kamanyamula kulemera kwake, liwiro lake ndi kutentha kwake. Kuti kadziwe koti kapite, kamayang'ana timadontho tinzake timene tili pafupi, m'kati mwa mtunda wina umene injiniya waika. Toyandikana kwambiri timakhala ndi mphamvu yaikulu pa masamuwo, ndipo takutali mphamvu yake imazilala mpaka kutheratu. Chofunika n'chakuti oyandikana nawo amasintha. Timadontho tiwiri timene tinali limodzi tingasiyane chitsulo chikang'ambika, ndipo mitsinje iwiri ya chitsulo chosungunuka ingakumane n'kusakanikirana popanda chilichonse chopotoka.

Anaziyambitsa ndani?

Yotchuka kwambiri, imene imadziwika ndi zilembo SPH, siinabadwire m'fakitale ayi. Inatuluka mu 1977, pamene Leon Lucy payekha, komanso Robert Gingold ndi Joseph Monaghan, anasindikiza njira yowerengera mmene nyenyezi zimayendera ndi kusinthira maonekedwe. Nyenyezi ilibe khoma lomangirapo ukonde, choncho timadontho tinawathandiza. Mu 1994 Monaghan, wa pa yunivesite ya Monash ku Australia, anaonetsa kuti njirayi ingagwire ntchito pa madzi ndi mafunde. Kuchoka pa madzi kufika pa chitsulo chosungunuka sipanali patali, ndipo Paul Cleary ndi anzake a ku bungwe la kafukufuku la CSIRO, ku Australia komweko, anaigwiritsa ntchito pa zikombole za aluminiyamu.

Chaka cha 1994 chomwecho kunatulukanso njira zina ziwiri: ya Ted Belytschko wa pa yunivesite ya Northwestern, ndi material point method ya Deborah Sulsky ndi anzake ku New Mexico. Amene anaonera filimu ya Disney ya Frozen ya mu 2013 anaiona yachiwiriyi ikugwira ntchito, chifukwa chipale chofewa cha m'filimuyo chinawerengeredwa ndi njira imeneyi.

Kodi njira ina yotchedwa DEM ndi SPH n'chimodzimodzi?

Ayi, ndipo ambiri amasokoneza pamenepa. Mu SPH, kadontho si chinthu chenicheni, kamangoimira kachigawo ka madzi kapena ka chitsulo. Mu DEM, kanthu kalikonse ndi mwala weniweni, njere yeniyeni, ndipo masamu ake ndi a kugundana ndi kukhuzana. Peter Cundall anaiyamba mu 1971 pofufuza za matanthwe, ndipo mu 1979 iye ndi Otto Strack anaikulitsa kuti igwire pa mchenga ndi zinthu zina zanjerenjere.

Apa ndi pamene njirazi zimatikhudza kwathu kuno. M'migodi ya mkuwa ya ku Zambia, monga Kansanshi ndi Lumwana, miyala imaperedwa m'zigayo zikuluzikulu zozungulira, mmene miyala ndi mipira yachitsulo zimakwezedwa n'kugwa. Kupera miyala kumadya magetsi ochuluka zedi pa mgodi. Ngati mipira ikugwera pa khoma la chigayo m'malo mogwera pa miyala, magetsi akupita pachabe ndipo khomalo likutha. Opanga zotchingira m'kati mwa zigayo zotere amagwiritsa ntchito DEM posankha kaumbidwe kake. Njira yomweyo imathandiza kuona mmene ufa wa mankhwala umasakanikirana usanapangidwe mapiritsi, ndi mmene ufa wachitsulo umayalidwira m'makina osindikiza zipangizo ndi leza.

Bwanji aliyense sangosamukira ku njira zatsopanozi?

Zimatopetsa kompyuta. Timadontho tikachepetsedwa kukula kwake ndi theka, chiwerengero chake chimakwera kasanu ndi katatu, ndipo kompyuta iyenera kuponda masitepe aafupi a nthawi, kotero ntchito yonse ingakwere pafupifupi ka 16. Chinanso, pa sitepe iliyonse kadontho kalikonse kayenera kufufuzanso oyandikana nako. Zimene zinatsegula khomo ndi makadi a zithunzi aja a masewera a pa kompyuta, makamaka kampani ya NVIDIA itatulutsa pulogalamu ya CUDA mu 2007, chifukwa amawerengera timadontho zikwizikwi nthawi imodzi.

Kodi zotsatira zake n'zodalirika?

Ili ndi funso limene ndimafuna wophunzira aliyense alifunse asanasangalale ndi kanema wa pa kompyuta. Timadontho tikamawuluka ndi kumwazika timaoneka ngati zenizeni, ngakhale manambala ake ali olakwika. SPH imavutika pafupi ndi makoma, chifukwa kadontho ka pamenepo kali ndi anzake mbali imodzi yokha. Ilinso ndi matenda odziwika: chitsulo chikakokedwa, timadontho timatha kuunjikana m'magulu n'kusiya mipata, n'kuoneka ngati mng'alu pamene chitsulo chenicheni sichikanang'aluka. Mu DEM, njere nthawi zambiri zimayesedwa zobulungira pomwe zenizeni zili ndi ngodya, ndipo zimakulitsidwa kuti zichepe chiwerengero.

N'chifukwa chake injiniya wosamala amayamba ndi kuyeza. Amathira ufa weniweni pansi n'kuyeza kutsetsereka kwa mulu wake, kenako amasintha manambala a kukhuzana mpaka mulu wa pa kompyuta ufanane nawo. Woumba aluminiyamu amathira chitsulo chochepa dala kuti chikombole chisadzaze, chiume pakati pa ulendo, n'kuyerekeza kaumbidwe kake ndi kamene kompyuta inalosera. Kumene kuyeza kotere sikunachitike, ine sindingalole kuti fakitale isule chikombole potengera kanemayo.

Kodi ukonde udzatha ntchito?

Ayi. Zimene zikuchitika n'zakuti njira ziwirizi zikugawana ntchito. Chitsanzo ndi kuwotcherera kwa friction stir welding, kumene bungwe la TWI pafupi ndi Cambridge linapeza mu 1991. Kachitsulo kozungulira kamafewetsa ndi kutakasa m'mphepete mwa mapepala awiri a aluminiyamu mpaka alumikizane, osasungunuka. Pamene akutakasapo, timadontho ndiye timayenera. Kutali ndi pamenepo, chitsulo chimangotentha ndi kufutukuka pang'ono, ndipo ukonde umawerengera mofulumira komanso molondola. Mapulogalamu ngati LS-DYNA amalola zonse ziwiri m'ntchito imodzi.

Nanga wophunzira wopanda ndalama zogulira mapulogalamu angayambe bwanji?

Alipo aulere. DualSPHysics, imene mayunivesite a Vigo ndi Manchester ali m'gulu la oipanga, ndi ya SPH, pamene YADE ndi LIGGGHTS ndi a DEM. Laputopu wamba ikwanira pa zoyambirira, monga madzi otayika m'bokosi kapena mchenga wotuluka pa faneli. Wophunzirayo atenge mchenga weniweni, faneli ndi wotchi, ayeze nthawi imene ukutenga kuti uthe, kenako aone ngati kompyuta ikupeza nthawi yomweyo.